KULONDOLA MAKOLO: ZA CHIKUSE NDI NYUMBA YAKE



Tsiku lina m'sukulu tidafunsa ana kuti yense atchule makolo ake, kuyambira amake ndi atate wake kubwerera m'mbuyo. Ambiri adatchula agogo awo, nalekeza pomwepo; owerengeka adafika kwa amake a gogo; koma wakupitirira apo panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo ana omwewo adziwa kutchula pamtima Abrahamu, Isake, Yakobo ndi ana ake khumi ndi awiri, osaphonya. Sitiwadzudzula anawo ayi, pakuti mlandu uli ndi ife: tidawaphunzitsa mibadwo ya Aisraele imene idalembedwa kale, koma mibadwo ya kwawo, imene ikhala m'mitu ya nkhalamba zokha, tidaisiya kuti idzisunge yokha.

Kanthu aka si kachabe. Mlandu wa munda ukabuka, kapena mfumu ikamwalira ndipo pafunika wolowa dzina, kapena mnyamata ndi namwali akadza kudzalembetsa ukwati ndipo wina anong'ona kuti awa ndi apachibale, pamenepo anthu athamangira kwa nkhalamba. Nkhalambayo ikakhala kuti idaikidwa chaka chatha, mlandu ukomera wodziwa kulankhula, si wodziwa zoona. Chifukwa chake tifuna kuonetsa pano m'mene munthu alondolera kholo lake, ndipo tatenga kholo limodzi lodziwika, ndilo Chikuse, Inkosi ya Angoni a kwa Maseko. Tamsankha iye pakuti aima pamalire: makolo ake tiwamva pakamwa pa akulu pokha, iye mwini adaonedwa ndi alendo odziwa kulemba, ndipo ana ake ali m'mabuku a Boma.

Mboni zitatu

Wolondola makolo ali ngati mfumu pabwalo, imene siigamula itamva munthu mmodzi. Mboni zake ndi zitatu. Yoyamba ndiyo pakamwa pa akulu. Iyi idziwa maina, idziwa yani adabala yani, ndi chimene anthu adakanganirana; koma siidziwa zaka, ndipo ikonda kukometsa nyumba ya kwawo. Yachiwiri ndiyo zolembedwa: makalata a amishoni ndi apaulendo, mabuku a Boma, kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. Iyi idziwa chaka, mwina ndi tsiku lomwe. Koma ipotoza maina nisokoneza chibale, popeza wolembayo kawirikawiri adali mlendo wakumva mwa womasulira. Yachitatu ndiyo malo: manda, mabwinja ndi maina a midzi. Iyi siichulutsa mawu, koma pamene ilankhula ivuta kuitsutsa. Mbiri ya Chikuse itionetsa pamene mboni izi zigwirizana, ndi pamene ina itsutsa inzake.

Atate ndi agogo a Chikuse

Akulu a Angoni a kwa Maseko ayamba mbiri yawo ndi Ngwana. Anena kuti kwawo kudali kumwera, m'dziko la Aswazi limene lero litchedwa Eswatini, ndi kuti adachokako pa nkhondo za m'masiku a Shaka, mfumu ya Azulu. Apa zolembedwa zitithandiza pang'ono, pakuti zitiuza kuti Shaka adaphedwa m'chaka cha 1828. Potero ulendo wa Ngwana tiuika m'zaka za m'ma 1820. Ngwana sadalione dziko lino, adafera pa njira, tsidya lija la Zambezi. Mwana wake Mputa ndiye adadzatsogolera anthu. Adapyola mapiri a kumadzulo kwa Shire, naoloka Shire, nakwera kum'mawa kwa nyanja kufikira dziko la Songea, limene lero lili m'Tanzania.

Kumeneko adakumana ndi Angoni ena, opatuka ku gulu la Zwangendaba. Poyamba adakhalira pamodzi, koma pambuyo pake chidani chidalowa, ndipo Mputa adaphedwa. Akulu anena kuti mtembo wake udatenthedwa m'mbali mwa mtsinje, monga adachitira ndi mafumu a nyumba imeneyo masiku aja. Tsono wofuna manda a Mputa adzavutika chabe. Pa iye mboni yachitatu ikhala chete, ndipo yachiwiri idali isanafike. Mputa pakufa adasiya mwana wa nyumba yaikulu ali wamng'ono, ndiye Chikuse. Tsiku la kubadwa kwake palibe adalilemba, pakuti m'gulu lonselo munalibe wogwira cholembera.

Chaka chobwereka

Pano tiulule cholakwa chathu, kuti ena asagwe m'dzenje lomwelo. Zaka zingapo tidaphunzitsa ana kuti makolo a Chikuse adaoloka Zambezi mu 1835, tsiku la kadamsana. Tidatero popeza tidawerenga m'buku kuti Angoni adaoloka chaka chimenecho. Adatiwongola ndi mkulu wina wosadziwa kuwerenga, amene adati, "Aphunzitsi, kadamsanayo ndi wa a Jere, ife a kwa Maseko tidaolokera kwina." Ndipo titabwerera ku mabuku tidapeza kuti mkuluyo ndiye adanena zoona.

Adaoloka pa kadamsana ndi Zwangendaba Jere, atate wa Mpezeni ndi M'mbelwa, pafupi ndi Zumbo. Anthu ake adakumbukira kuti dzuwa lidada usana pamene adali kuoloka. Ndipo popeza akatswiri a zakuthambo akhoza kuwerengera m'mbuyo masiku onse a kadamsana, chikumbukiro chimenecho chidasanduka chaka. Komabe ngakhale apa olemba sadagwirizane msanga. Dr Elmslie wa ku Livingstonia, m'buku lake la 1899, adasankha kadamsana wa 1825. Ena pambuyo pake, atalinganiza ndi zina zochitika pa ulendowo, adaona kuti woyenera ndi wa mwezi wa Novembala 1835, ndipo chaka chimenechi ndicho chivomerezedwa lero. A kwa Maseko adali gulu lina, ndi mafumu ena; adaoloka patapita zaka zingapo, pa dooko lina la kunsi kwa mtsinje.

Phunziro lake nali: chaka chikhale choona chotani, chili ndi mwini wake. Munthu wofunitsa kudzaza mpata m'mbiri ya kwawo akopeka kutola chaka cha mnansi, ndipo akachilemba kamodzi, ana ake adzachikhulupirira koposa mawu a agogo awo.

Mndandanda wa mafumu si mndandanda wa kubadwa

Mputa atafa, mbale wake Chidyaonga adasunga ufumu, natsogolera anthu kubwerera kumwera. Adaoloka Shire kachiwiri, nakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Mukafunsa mkulu kuti atchule mafumu, adzati: Ngwana, Mputa, Chidyaonga, Chikuse, Gomani. Wanena zoona. Koma mphunzitsi wofulumira akalemba maina awa motsika, lina pansi pa linzake, woliwerenga pepalalo adzayesa kuti Chidyaonga adabala Chikuse. Ndipo pamenepo wasokoneza nkhani yonse, pakuti Chidyaonga adali wosungira mwana wa mbale wake, ndipo adali naye mwana wakewake, ndiye Chifisi.

Chinenero chathu chomwe chithandizira chisokonezo chotere, ndipo ife ophunzitsa galamala tiyenera kuchizindikira. Mawu akuti atate sitinenera wobala yekha ayi. Abale onse aamuna a atate ndi atate, aakulu kapena aang'ono. Momwemonso abale aakazi a amayi ndi amayi. Ana a amuna awiri apachibale aitanana mkulu ndi mng'ono, monga a bele limodzi. Potero Chikuse akadati Chidyaonga ndi atate wanga, sakadanama. Ndipo akadati Chifisi ndi mbale wanga, sakadanamanso. Koma mlendo womva mwa womasulira akadalemba kuti onse awiri ndi ana a munthu mmodzi. Pali chinanso, makamaka pakati pa Achewa: munthu akalowa dzina, alowanso chibale cha mwini dzinalo. Mfumu ya lero ikhoza kunena kuti ine ndidachoka kwakuti, nditafika pano ndidamanga, pamene wochita zimenezo adafa zaka 100 zapitazo. Ndipo mafumu awiri akhoza kuitanana mkulu ndi mng'ono mibadwo yonse, chifukwa eni maina oyamba adali otero. Wofunsa asatope kubwereza kuti: Kodi atate wobala, kapena mbale wa atate? Kodi inu nomwe, kapena amene mudalowa dzina lawo?

Ilipo njira yoyesera mndandanda. Mbadwo umodzi, kuchokera pa kubadwa kwa kholo kufikira pa kubadwa kwa mwana wolowa m'malo, utenga zaka ngati 25 kapena 30. Ngwana adali munthu wamkulu wotsogolera nkhondo m'zaka za m'ma 1820. Philip Gomani, mdzukulu wa Chikuse, adabadwa cha m'ma 1893. Pakati pawo pali Mputa, Chikuse ndi Gomani woyamba, ndipo zaka zikwanira bwino masitepe anayi amenewa. Mukapeza kuti m'banja lina maina asanu ndi atatu apanikizana m'zaka 100, dziwani kuti ena mwa iwo ndi apachibale olowana. Mukapeza maina awiri okha m'zaka zomwezo, dziwani kuti ena adaiwalika, kapena anthu angapo abisala m'dzina limodzi.

Chikuse m'makalata a alendo

Tsopano mboni yachiwiri ilowa m'bwalo. Amishoni a Livingstonia adamanga ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mu 1878 Dr Robert Laws adakwera kumapiri nakafika kwa Chikuse, nampeza ali mfumu. Chaka ichi ndi msomali woyamba wokhomerapo mbiri yake. Chitiuza kuti pofika 1878 kusungira kwa Chidyaonga kudatha, ndi kuti mwana uja wa ku Songea adali atakula ndi kulandira mpando wa atate wake. Taonani m'mene pepala lolembedwa pa chifukwa china liyankhira funso limene mwini wake sadafunse.

Mu 1884 dzina lake limvekanso kawiri. Chaka chimenecho nkhondo yake idaoloka Shire nifunkha midzi ya kumapiri a Blantyre, anthu nathawira m'mapiri. Ndipo chaka chomwecho David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adayenda ulendo kukaonana naye. Mzungu wina wapaulendo, Montagu Kerr, adafikanso kwa iye nalemba za mzinda wake m'buku losindikizidwa mu 1886. Pambuyo pake amishoni adamanga ku Livlezi, m'dziko lake. Ndipo ansembe a White Fathers, amene adakhala kwa Mponda, pamene Shire atuluka m'nyanja, kuyambira 1889 kufikira 1891, adalemba m'buku lawo la tsiku ndi tsiku mbiri za nkhondo ya Chikuse ndi Chifisi monga zidawafikira.

Wofuna Chikuse m'mapepala awa achenjere ndi kalembedwe. Apa adzapeza Chikuse, apo Chikusi, kwina Cikusi, monga mwa kalembedwe kakale kopanda h. Ndipo anthu ake adzawapeza atatchedwa Angoni, Mangoni, Maviti kapena Mazitu. Chidyaonga alembedwanso Chidiaonga. Amene afuna dzina m'kalembedwe kamodzi kokha adzati kholo lake mulibe m'buku, pamene lili pomwepo, lavala malaya ena. Achenjerenso ndi mtima wa wolemba. Alendo awa adakhala kwa Chikuse masiku owerengeka, ali ndi mantha, ndipo ambiri adamva za iye poyamba kwa anthu amene iye adawafunkha. Zimene adalemba za kuwawa kwa nkhondo zake ndi zoona, ndipo sitizibisa. Midzi idatenthedwa, anthu nagwidwa ukapolo. Koma za milandu ya m'mudzi mwake, za maukwati, ndi za yani adali mwana wa nyumba iti, izi adazidziwa ndi akulu, si alendo.

Chaka cha 1891

Chikuse adamwalira mu 1891, ndipo Chifisi adamwalira chaka chomwecho. Mkangano wawo sudafe nawo. Udatsikira kwa ana, Gomani wa Chikuse ndi Kachindamoto wa Chifisi. Atamenyana zaka zingapo, Kachindamoto adatsika kumapiri nakakhala kunyanja, ku Mtakataka. Ichi ndicho chifukwa chake nyumba ziwirizi zikhala padera, ina ku Ntcheu, ina ku Dedza. Ndipo muzu wa kupatukanako uli pa funso lija la chibale, lakuti mwana wa wosungira ali ndi gawo lanji pa mpando. Amene alemba Chidyaonga monga atate wobala wa Chikuse sangathe kufotokoza chifukwa chake anthu adafa pa nkhondo imeneyo.

Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, napangana ndi Apwitikizi za malire. Malirewo adadula pakati pa dziko la Chikuse. Domwe adagwera kwa Apwitikizi, m'dera limene lidatchedwa Angónia, m'Mozambique. Ndipo woyenda pa msewu wa Dedza ndi Ntcheu ayenda m'mbali mwa malire omwewo, pa Lizulu msika uli uku ndi uku. Kuyambira pamenepo banja limodzi lidalembedwa m'mabuku a maboma awiri ndi m'zinenero ziwiri. Ambiri a ife tikalondola agogo tidzafika pamalirewo, ndipo tisayese kuti mzere wathera pomwepo.

Gomani sadakhalitse. Mu 1896, atakangana ndi Boma pa za msonkho ndi za anthu ake opita kukagwira ntchito kwa Azungu, nkhondo yake idatentha midzi ya pafupi ndi mishoni ya Dombole. Asilikali a Boma adadza namgwira, ndipo adaphedwa pa 27 Okutobala 1896. Apa mboni zonse zitatu zilankhula. Pepala lipereka tsiku, linenanso kuti adaweruzidwa nawomberedwa. Akulu awonjeza chimene pepala silisamala, kuti adakana kuyenda pansi womangidwa ngati kapolo, nasankha kufera pomwepo. Ndipo manda ake alipo m'boma la Ntcheu, ndi chipilala chake. Sitiyenera kutaya imodzi kuti tisunge inzake: tsiku titenga kwa pepala, mtima wa munthuyo titenga kwa akulu, malo titenga kwa manda.

Mwana wake adatsala wa zaka ngati zitatu. Dzina lake la kubadwa ndi Zitonga, la Chikhristu ndi Philip, la mpando ndi Gomani wachiwiri. Munthu mmodzi, maina atatu, ndipo buku lililonse lidamlemba ndi dzina limene lidamdziwa nalo. Iye adamanga ku Lizulu. M'masiku ake, m'zaka za m'ma 1930, mayi wina wophunzira wa ku England, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni nalemba mibadwo yawo kuchokera pakamwa pa akulu, ndipo buku lake lidatuluka mu 1956; zambiri zimene tiziwerenga lero za nyumba za mafumuwa zidapulumuka chifukwa wina adafunsa nkhalamba zikali ndi moyo. Philip Gomani adakana Chitaganya cha 1953, Boma nalimchotsa pa mpando, ndipo adamwalira ku chipatala cha Malamulo mu Meyi 1954. Pambuyo pake padadza Willard Gomani wachitatu, ndi Kanjedza Gomani wachinayi amene adamwalira mu 2009, ndi Mswati Gomani wachisanu amene adalongedwa ufumu mu 2012. Dzina lakuti Mswati likumbutsa dziko lija adachokako Ngwana. Pakuti maina a ana nawonso ndi kaundula, kwa wodziwa kuwawerenga.

Amayi amene pepala liwaiwala

Mwaona kuti kufikira pano tatchula amuna okhaokha. Koma Chikuse sadalandire mpando chifukwa cha atate wake okha ayi; adaulandira chifukwa amake adali a nyumba yaikulu ya Mputa. Pakati pa Angoni mfumu idali ndi akazi ambiri, yense ndi nyumba yake ndi malo ake, ndipo wolowa ufumu sadali woyamba kubadwa koma wobadwira m'nyumba yoyenera. Amake a Chikuse tiwadziwa ndi dzina lakuti Namlangeni, ndipo adali ndi mphamvu yaikulu m'dziko. Koma taonani kapangidwe ka dzinalo. Na- uja ndi yemwe timumva m'maina akuti Namaseko, Nangozo, Najere, Naphiri, Nabanda. Ndiko kuitana mkazi mwaulemu ndi mfunda wa kwawo. Ulemu umenewu ubisa munthu. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Naphiri asanu, ndipo kaundula akalemba Naphiri yekha, mdzukulu sadzadziwa kuti agogo ake ndi ati.

Ngati zili zotero ndi mayi wa Inkosi, nanga anthu wamba? Ndipo apa nkhaniyi itikhudza koposa, pakuti Angoni a kwa Maseko adakwatira akazi a Achewa ndi a mitundu ina imene adaipeza, mpaka ana awo adasiya Chingoni nalankhula chinenero cha amawo. Pa mwambo wa Chingoni mwana ndi wa atate, pakuti ng'ombe zidaperekedwa. Pa mwambo wa Chichewa mwana ndi wa kuchikazi: mwamuna adza chikamwini, ana ndi mbumba ya atsibweni awo, ndipo dzina ndi munda zitsikira kwa muphwa, mwana wa mlongo. Nyumba ya Chikuse ikadatsata mwambo wa Chichewa, Gomani sakadalowa ufumu konse. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi ku Dedza miyambo iwiriyi ikhala pamodzi, kotero kuti munthu ati ndine Mngoni potchula atate wake, koma munda umene alima ndi wa kwa amake.

Tsono mabuku athu a sukulu ndi a mpingo adadza ndi kachitidwe ka Azungu, kakuti mwana atenge dzina la atate, ndi mkazi wokwatiwa atenge la mwamuna. Potero mzere wa kuchimuna ulembeka wokha, popanda munthu kuvutika. Koma mzere wa kuchikazi, umene ugamula milandu ya minda ndi ya maina m'midzi ya Achewa, uzimirira m'pepala pakangopita mibadwo iwiri. Ife amene tigwira mabukuwo ndife tikhoza kuchiza nthenda imeneyi, kapena kuikulitsa.

Zoti tichite

Choyamba, yambani ndi amoyo. Pitani kwa wamkulu woposa onse m'banja, wa kuchikazi ndi wa kuchimuna, aliyense payekha, ndipo musapite chimanjamanja kapena mothamanga. Amayi okalamba ndiwo adziwa za kubadwa ndi za mabele, lalikulu ndi laling'ono. Lembani monga anena, ngakhale mukayika. Ndipo lembani pamwamba dzina la wonenayo, mudzi wake, ndi tsiku limene adanena.

Chachiwiri, pa munthu aliyense lembani maina ake onse: la kubadwa, la ubatizo, la ku ntchito, lolowa, ndi mfunda wake, ndipo pa mkazi musakhutire ndi Na- yekha. Lembani amake ndi atsibweni ake ndi mudzi wa kwa amake, ngakhale buku lilibe danga la zimenezo. M'mphepete mwa pepala muli malo.

Chachitatu, musafunse nkhalamba chaka, pakuti mudzaikakamiza kupeka. Funsani chimene chidachitika: Kodi pa nkhondo ya Chilembwe anali atabadwa? Ndiyo 1915. Kodi anasenza mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani? Ndiyo 1914 kufikira 1918, ndipo mliri wa fuluwenza udatsata pomwepo. Kodi pa njala yaikulu ija anali ndi ana angati? Ndiyo 1949. Chitaganya ndi 1953, ufulu ndi 1964. Chaka chopezeka motere lembani kuti cha m'ma, kuti wodza m'mbuyo adziwe kuti ndi choyerekeza.

Chachinayi, mutatha izi pitani ku mabuku: kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati pa mishoni yakale ya dera lanu, mabuku a sukulu, ndi nyumba yosungira zakale ya Boma ku Zomba, imene idayamba mu 1947. Kumbukirani kuti tsiku la ubatizo si tsiku la kubadwa. Akhristu oyamba ambiri adabatizidwa ali akulu, atakhala zaka m'kalasi, ndipo msinkhu wolembedwapo adauyesa ndi maso mbusa kapena wansembe.

Chachisanu, pamene akulu ndi pepala zitsutsana, lembani zonse ziwiri, ndi kunena mwini wa mawu alionse. Musachotse kholo chifukwa lidali kapolo, kapena logwidwa pa nkhondo, kapena chifukwa lidali la mitala, kapena silidabatizidwe. Ambiri a ife tidachokera kwa anthu amene nkhondo ya Chikuse idawagwira, ndipo ena tidachokera kwa owagwirawo. Ochuluka tidachokera konse kuwiri. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo mndandanda wotsukidwa kuti ukome sudzathandiza munthu pa tsiku la mlandu.

Chachisanu ndi chimodzi, musasunge pepala limodzi lokha. Mu Febuluwale 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za Boma adapsa. Zimene tidziwa za zaka zimenezo zidapulumuka kwambiri chifukwa makalata ena adali atatumizidwa ku London, ndi chifukwa amishoni adasunga awo. Ngati nyumba ya Boma idapsa, nanga sutikesi ya pansi pa bedi, pamene pali chiswe ndi kudontha kwa denga? Kopererani kawiri kapena katatu, lina kwa mwini mbumba, lina kwa wachibale wa kutali, ndi lina ku mpingo ngati akulu alola.

Mphunzitsi mnzathu wakale, Samuel Ntara, adayenda m'midzi nafunsa akulu, ndipo zotuluka zake ndi buku la Mbiri ya Achewa limene ambiri tidaliwerenga. Iye adalondola mafumu. Koma mbumba ya amayi anu palibe mlendo adzadza kudzailemba, pakuti siili m'buku la wapaulendo aliyense. Chikuse adali Inkosi yomveka, wochezeredwa ndi madokotala ndi abusa, ndipo ngakhale iye tsiku lake la kubadwa lidatayika. Agogo athu olima chabe adzatayika onse athunthu tikachedwa. Potero tipempha mphunzitsi aliyense ndi katekisiti aliyense, sukulu ikatsekera, atenge kope limodzi nakakhale pakhonde pa nkhalamba ya kwawo masiku awiri kapena atatu. Ndipo sukulu ikatsegulira, apatse ana ntchito yomweyo, kuti yense abwere ndi maina a mibadwo inayi, ya kuchikazi ndi ya kuchimuna, ndi dzina la amene adamuuza.